Kuwerenga Milalang'amba ku Kalingalinga

Magetsi athimanso ku Kalingalinga.
Batire la laputopu likuti kwatsala mphindi makumi anayi,
ndipo m'fayilo imene Dokotala Msimuko ananditumizira Lachiwiri
muli milalang'amba zikwi zitatu ndi mazana awiri,
uliwonse ndi nambala yake,
wopanda ndi umodzi womwe umene diso langa linauonapo.
Imeneyi timaimva ndi wailesi.
Mbale zikuluzikulu za m'chipululu cha kummwera
zinatchera khutu miyezi yambiri, n'kumalemba:
uwu wafika ndi mphamvu yakuti, uwu yakuti.

Ntchito yanga ndi ya mwana wa giredi yachiwiri:
kuindandalika pamzere, yaphokoso kutsogolo,
kenako pa mulingo uliwonse n'kufunsa,
ndi ingati yoposa apa?
Yoposa jansiki imodzi ilipo isanu ndi iwiri.
Nditsitse mulingo kakhumi: mazana awiri ndi kanthu.
Wowerengedwa kale suchoka pamzere,
umakwera nawo sitepe yotsatira,
ngati ngongole yanga pa kantemba ka Amake Tiza
imene sifufutika, imangosanjikizana.

Galafu yoyamba inandichititsa manyazi.
Yonse inathithikana pakona imodzi
ngati anthu m'minibasi ya madzulo yochokera m'tauni,
isanu ndi iwiri ija itatambalala yokha kumpando wakutsogolo.
Ndinasintha muyeso, bokosi lililonse likhale kuchulukitsa kakhumi,
ndipo inamasuka, inapuma,
mzere unatuluka wowongoka ngati chitsulo cha geti,
kutsika mabokosi atatu pa awiri alionse opita kumanja,
monga mabuku amanenera za thambo lodzaza mofanana.

Koma kumanzere uko, kwa yonong'ona,
mzere wanga ukuwerama, ukugona pansi
ngati galu wa eni nyumba masana a Okutobala.
Masiku atatu ndakhala ndikusaka cholakwa changa,
kakoma kosochera, nambala yogawidwa kawiri.
Palibe. Ukugonabe.

Ndatuluka panja kuti mutu uzizire.
Mumdima uno mzinda wonse ukulira majenereta.
Lalikulu la kusitolo zamakono ndi limodzi, lamveka kale.
La kuchipatala. La pamalo omwetsera mafuta.
Ndikatchera bwino, la Yotamu wowotcherera mafelemu a mawindo,
amene geti la maliro a mawa salimaliza,
la kometera tsitsi, la bala ya kuseri, khumi, makumi atatu,
mpaka zonse zasanduka mng'ung'udzo umodzi
ndipo chiwerengero changa chaima.
Koma Mtendere akupitirirabe uko, Kabulonga, Chawama.
Mzinda sunathere pamene khutu langa lathera.
Ndipo mayi uyo akusita yunifolomu ya mwana ndi makala,
kandulo ili pa chitini,
sakulira m'khutu la aliyense.

Ndabwerera m'nyumba. Kwatsala mphindi zisanu ndi imodzi.
Pamene mzere wayambira kuwerama ndaimikapo timadontho totsika,
pansi ndalemba mawu aŵiri atatu:
kuchokera apa kupita kumanzere, musakhulupirire chete ameneyu,
ndi malire a mbale zathu.
Mwina ina ikuchepadi, pakuti kale thambo silinali monga lero,
koma funso limenelo lidikire magetsi.

Dokotala Msimuko adzafunsa za timizere ta kukayika,
chifukwa chake kumanja ndi tataliatali.
Ndidzati, isanu ndi iwiri ndi ochepa kuwafunsa za dziko lonse.
Adzagwedeza mutu, n'kufunsanso china chimene sindinaganize.

Fayilo ndaitcha yomaliza_yeniyeni_4.
Chophimba chazima ndisanatseke.
Mlongo wanga Ndaziona, m'tulo, wafunsa ngati abwera.
Ndati ayi, gona.
Pamwamba pa malata mafunde aja akugwabe,
ananyamuka dziko lino lisanakhale ndi udzu,
akugwera pa thanki ya madzi, pa mapapaya, pa geti la Yotamu,
yowerengedwa ndi yosawerengedwa yomwe.